Musawayeretse Agogo Anga

Pa tebulo langa kuno ku hositelo pali zithunzi zitatu za agogo anga, ndipo zonse zitatu zinachokera pa chithunzi chimodzi chimene ndinajambula ndekha ndi foni. Pa choyamba pali duku loyera, bulauzi yoyera, ndipo pakati pake pali mdima wa ndiweyani wokhala ndi timaso tiwiri. Pa chachiwiri pali mayi wina wofiirira, wa masaya osalala see ngati mtsikana wa Fomu 2, amene sanapondepo m'mudzi mwathu. Pa chachitatu ndiye pali munthu amene anandilera. Kuti chachitatuchi chituluke ndinakwera kabaza maulendo atatu kupita pa Dwangwa, ndinakangana ndi mnyamata wa pa situdiyo, kenako ndi amayi anga aang'ono, amene mpaka lero amati ndine wovuta. Mwina ndine wovutadi. Koma tandimverani kaye.

Chithunzicho ndinajambula Lachinayi lina pa holide, agogo atangobwera ku msonkhano wa amayi a kumpingo, akadali mu yunifomu. Anakhala pa khonde dzuwa litapendeka, kumbuyo kwawo minda ya nzimbe ili biriwiri. Agogo anali akuda, kuda konyezimira ngati mtsuko wopsa bwino, ndipo pa tsaya lililonse anali ndi mphini zitatu zimene anatemedwa ali namwali. Pa foni zonse zinkaoneka: mphini, makwinya a m'mbali mwa maso, ngakhale kamseko kamene ankakonda kubisa chifukwa cha mano oguluka. Patangotha miyezi isanu anatisiya. Chaka chitatha abale anagwirizana zomanga chiliza, ndipo ntchito ya chithunzi inagwera ine. Paja kwathu ukangofika ku yunivesite ndiye kuti chilichonse chokhala ndi batani umachidziwa. Ankafuna chithunzi chachikulu cha m'felemu, komanso mapulogalamu a mwambo okhala ndi nkhope ya agogo patsogolo.

Ndinalowa mu situdiyo ina ya mtundu umene nonse mukuudziwa: kompyuta imodzi, pulinta, makina a fotokope, mafoni a anthu ali pa chaji, pakhoma nsalu yojambulirapo zithunzi za pasipoti. Ndinatumiza chithunzi pa WhatsApp, mnyamatayo anadina, pulinta inalira, pepala linatuluka. Nditaliona ndinangoti kakasi.

"Achimwene, awa si agogo anga."

"Asisi, makina amatulutsa zomwe mwawapatsa. Kapena agogowo anali akuda kwambiri?"

"Anali akuda, inde. Koma anali ndi nkhope."

"Musadandaule, tiwakonza."

Anawakonzadi. Anakoka kabatani kena pa kompyuta, chithunzi chonse chinayera mbuu. Anakoka kena, khungu linafiira. Anatenga kachida kosalaza n'kudutsitsa pa masaya, pa chipumi, m'mbali mwa maso. Mphindi zisanu sizinakwane. Pepala lachiwiri litatuluka anandipatsa akumwetulira, ngati munthu amene wandichitira chifundo chachikulu, n'kunena kuti, "Mwaona? Tsopano akongola."

Nthawi inali itatha, ndiye ndinajambula pepalalo n'kuponya pa gulu la banja. Amayi aang'ono, amene amakhala ku Johannesburg ndipo ndi amene ankalipira mapulogalamu, anayankha msanga kuti amayi atuluka bwino, tipulinte chomwecho. Mapulogalamu onse anatuluka ndi nkhope imeneyo. Amayi anga sanalembe kanthu pa gulupo. Madzulo nditawapatsa pepalalo analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa funso limodzi lokha: "Nanga mphini zapita kuti?"

Mawu amene sanandichoke m'mutu ndi aja akuti "tiwakonza". Timakonza njinga yothyoka sipoko. Timakonza wailesi yosalankhula. Agogo anga anali atathyoka pati? Chimene chinali ndi vuto pa tsikulo ndi kompyuta, pulinta, inki, pepala, ndi ine mwini amene ndinatumiza chithunzi mosaganiza. Pa zonsezi palibe chimene chinakhudzidwa. Chimene tinathamangira kukonza ndi nkhope ya munthu womwalira amene sakanatha kukana. Ichi ndiye chimene ndikutsutsa m'nkhani ino. Tazolowera kuti chithunzi cha munthu wakuda chikatuluka moipa, wolakwa ndi khungu lake, ndipo mankhwala ake ndi kuliyeretsa. Limeneli ndi bodza, ndipo tikulilipira ndi ndalama zathu zomwe.

Ine si wa sayansi, ndimaphunzira za mbiri ndi zolembalemba. Koma nditabwerera ku sukulu ndinakhala mausiku angapo ndikuwerenga chifukwa chimene pepala limasiyanirana ndi sikirini, ndipo nkhani yake si yovuta monga amationetsera.

Sikirini ndi nyali. Imatulutsa kuwala kwakekwake kuchokera ku timagetsi ting'onoting'ono tofiira, tobiriwira ndi tabuluu, zimene amati RGB. Pepala lilibe kuwala kwake. Limadikira kuwala kwa dzuwa kapena kwa babu, inki n'kumeza gawo lina, chotsalacho n'kubwerera m'maso mwathu. Inki zake ndi za mitundu ina: cyan, magenta, yachikasu ndi yakuda, zimene amati CMYK, ngakhale mapulinta ena a zithunzi amakhala ndi inki zisanu ndi imodzi kapena kupitirira apo. Choncho kupulinta kuli ngati kumasulira nkhani kuchokera m'chinenero china kupita m'china. Pali mitundu ina yowala imene sikirini imatha kuonetsa koma inki singaikwanitse. Ndipo mtunda wochokera pa kuda kwenikweni kufika pa kuyera kwenikweni ndi wautali pa sikirini, pomwe pa pepala ndi waufupi. Malo akachepa chonchi, zoyamba kupanikizika ndi mbali zoderako za chithunzi. Mitundu khumi ya bulawuni imene inali pa tsaya la agogo inaunjikana n'kusanduka mtundu umodzi wakuda.

Apa ndiulule mbali yanga. Foni yanga imakhala yowala mpaka kumapeto, chifukwa pa dzuwa la kunyanja kwathu ukaichepetsa suona kanthu. Foni yotsegulidwa chonchi imawala kangapo kuposa sikirini ya munthu wodziwa ntchito yopulinta, amene amaichepetsa dala kufika pa ma nit 100 kapena 120 kuti ifanane ndi pepala. Ndiye kuti foni inkandinamiza. Chithunzicho chinali choderapo kale, chifukwa kamera itaona bulauzi ndi duku zoyera mbee inadzichepetsera kuwala, nkhope n'kutsalira mu mthunzi. Kuwala kwa sikirini ndiko kunkabisa zimenezi. Cholakwa changa chachiwiri chinali kutumiza pa WhatsApp mwa njira yanthawi zonse. Njira imeneyi imafinya chithunzi kuti chisadye bandulo, ndipo pofinyapo imataya tizinthu ting'onoting'ono, makamaka m'malo a mthunzi. Kuti chithunzi chituluke chakuthwa pamafunika ma pixel pafupifupi 300 pa inchi iliyonse. Kachithunzi ka mainchi 4 kwa 6 kamafuna 1200 kwa 1800, pomwe cha pepala la A4 chimafuna pafupifupi 2480 kwa 3508. Ine ndinapereka chofinyidwa n'kumayembekezera kuti chidzaza felemu.

Mbali ya situdiyo nayo ilipo. Kuti kompyuta ndi pulinta zimvane pa nkhani ya mitundu pali mgwirizano umene unakhazikitsidwa kalekale. Bungwe la ICC linayamba mu 1993 kuti chida chilichonse chizikhala ndi profile, kunena kwake kafayilo kofotokoza mmene chidacho chimatulutsira mitundu. Mu 1996 makampani a HP ndi Microsoft anakonza muyeso wa sRGB, umene zithunzi zambiri za pa intaneti zimatsatira mpaka pano. Koma profile ya pulinta imagwira bwino ntchito ngati inki ndi pepala zili zomwe zija anayesera. Ukathira inki ya m'botolo yochokera kwina, n'kuika pepala la mtundu wina, n'kusiya kompyuta ikuganiza kuti likudzalo ndi pepala wamba la fotokope, zotuluka zake ndi za mwayi. Lero zifiira, mawa zibiriwira. Onjezanipo babu loyera mopita ku buluu limene limayaka m'masitudiyo ambiri, limene limasintha maonekedwe a pepala lililonse. Akatswiri amaonera zopulinta pa kuwala koyezedwa kofanana ndi kwa masana, kwa 5000K. Ife timaonera pansi pa babu lililonse limene lapezeka pa msika.

Mwaona kuti pa mndandanda wonsewu palibe pamene palembedwa kuti agogo anali akuda mopyola muyeso.

Komabe funso la mnyamata uja, lakuti kapena anali akuda kwambiri, silinayambe ndi iye. Lili ndi mbiri. M'zaka za m'ma 1950 kampani ya Kodak ku America inkatumiza khadi lapadera kwa otsuka zithunzi kuti aziyesera makina awo. Pa khadipo panali mzimayi wachizungu, ndipo makhadiwo anatchuka ndi dzina lakuti Shirley, kuchokera kwa Shirley Page amene anali woyamba kujambulidwapo. Wotsuka zithunzi ankasintha makina mpaka khungu la Shirley litaoneka bwino, akatero ndiye kuti makina ali bwino kwa aliyense. Lorna Roth, mphunzitsi wa pa Concordia University ku Montreal, anafufuza nkhaniyi n'kuisindikiza mu 2009. Chimene chinandiwawa powerenga ndi ichi: pakati pa amene anakakamiza kampaniyo kuti filimu yake izitha kusiyanitsa mitundu ya bulawuni panali ogulitsa chokoleti ndi ogulitsa mipando ya matabwa, amene ankadandaula kuti katundu wawo sakuoneka bwino pa zithunzi zotsatsira malonda. Khadi lokhala ndi akazi a makungu osiyanasiyana linadzabwera m'zaka za m'ma 1990. Chokoleti chinamvedwa msanga kuposa anthu.

Musaganize kuti luso lojambula nkhope yakuda kunalibe. Ku South Africa, dziko lomwe lija azigogo athu aamuna ankapita kukagwira ntchito m'migodi, boma la tsankho linkafuna nkhope ya munthu wakuda aliyense pa chiphaso chake. Kamera ya Polaroid yotchedwa ID-2, imene inkagwiritsidwa ntchito pojambula zithunzi za ziphaso, inali ndi batani lowonjezera mphamvu ya fulashi. Mu 1970 antchito awiri akuda a kampaniyo ku America, Caroline Hunter ndi Ken Williams, anayambitsa gulu lotsutsa malonda amenewa, ndipo mu 1977 Polaroid inachoka ku South Africa. Phunziro lake ndi lowawa koma lomveka. Pamene panali chifukwa chofunira kutiona, ngakhale chifukwa choipa, njira inapezeka. Makina amaona chimene eni ake awauza kuti n'chofunika.

Masiku ano zinthu zasinthako. Mafoni a Tecno, amene adzaza m'matumba mwathu, anatchuka mu Africa muno mwa zina chifukwa opanga ake ankatsatsa kuti kamera zawo anazikonzera khungu lakuda. Google inatulutsa Real Tone pa foni ya Pixel 6 mu 2021, ndipo chaka chotsatira inayamba kugwiritsa ntchito muyeso wa makungu a mitundu 10 umene anakonza Ellis Monk wa ku Harvard. Ndiye kunja kuja anthu akuvomereza kuti panali cholakwika. Chondidabwitsa n'chakuti Shirley, atachotsedwa ntchito kwawo, anadzapeza malo kwathu kuno. Sali pa khadi ayi, ali m'mitu mwathu. Mnyamata wa pa situdiyo uja ndi wakuda ngati ine, mwina sanamvepo dzina la Kodak, koma dzanja lake likagwira mouse limadziwa kale mbali yokokera kuti munthu "akongole".

Ife a pa Dwangwa tilibe chifukwa chonamizira kuti mtundu wa chinthu ndi nkhani yaing'ono. Tinakulira pafupi ndi fakitale ya shuga imene yakhala ikugaya nzimbe kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Pa malonda a shuga padziko lonse, mtundu umayezedwa ndi manambala, pa muyeso wotchedwa ICUMSA. Shuga woyeretsedwa kwambiri amakhala pa 45 kapena kutsikirapo, wabulawuni amakhala m'mazana mpaka m'masauzande. Wogula akaitanitsa shuga wabulawuni, palibe amene angamutumizire woyera n'kumuuza kuti tamukonza, tsopano wakongola. Katunduyo angabwezedwe. Shuga ali ndi ufulu wofika kumene akupita ali ndi mtundu wake. Agogo anga, amene anakalamba akuona mathirakitala a nzimbe akudutsa pa msewu, analibe ufulu umenewo pa pepala la mwambo wawo womaliza.

Ndikudziwa zimene ena mwa inu mukunena kale, chifukwa anzanga a m'chipinda anandiuza pamaso.

Choyamba: dziko lili pa moto, zinthu zakwera, ena akugona ndi njala, iwe ukulira mtundu wa chithunzi? Ndikumva. Koma taganizani kuti ndani amene amapulintitsa zithunzi pa Dwangwa. Si anthu olemera ayi. Ndi mayi wogulitsa usipa amene wasunga ndalama ya ndiwo za masiku awiri kuti mwana wake akhale ndi chithunzi cha tsiku lomaliza Fomu 4. Ndi mnyamata wodula nzimbe amene akufuna chithunzi cha ukwati choti akapachike kwawo. Wolemera chikamuipira amakapulintitsa china ku Lilongwe. Wosauka amalandira chimene wapatsidwa, n'kunena kuti bola chatuluka. Umphawi ndiye chifukwa chenicheni choti ntchitoyi izichitika bwino ulendo woyamba.

Chachiwiri: anyamata a m'masitudiyo nawo akuvutika, inki yeniyeni ndi yodula, kachida koyezera sikirini kamagulidwa ndi madola, magetsi ndi ozimazima. Zoona zokhazokha, ndipo sindikufuna kuti wina awerenge nkhaniyi n'kupita kukalalatira mwana wa mwini wake. Ambiri anaphunzira ntchitoyi poonera mnzawo, palibe anawauzapo za profile. Koma kusalaza mphini sikunachitike chifukwa chosowa madola. Kunatenga nthawi ndi luso. Mphindi zisanu zimene anathera pofufuta nkhope ya agogo zikanakwana kupulinta kachidutswa koyesera n'kutuluka nako panja. Vuto la ndalama lilipo, koma limene linafufuta mphini ndi vuto la maganizo.

Chachitatu ndiye cholimba, ndipo ndi cha amayi anga aang'ono: makasitomala eni ake ndi amene amafuna kuyeretsedwa. Mnyamata uja anandiuzanso zomwezo, kuti akapanda kutero anthu amakana kulipira, amati wawadetsa. Sindingatsutse. Tonse tili ndi anzathu amene ukakumana nawo pa kampasi suwazindikira chifukwa pa Facebook ndi anthu ena. Tonse tikudziwa mafuta oyeretsa khungu amene amagulitsidwa m'misika mwathu. Ndipo ine sindine wapolisi wa nkhope za anthu. Ngati munthu wamkulu, wamoyo, wanena ndi pakamwa pake kuti chithunzi chake achiyeretse, ndi nkhope yake, ngakhale ndingamufunse kuti anamuuza ndani kuti yakeyo ndi yosakwanira. Chimene ndikukana ndi kuti kuyeretsa kukhale lamulo losalembedwa, lochitika usanapemphe, ngakhale pa ana ndi pa akufa. Agogo sanapemphe. Pa moyo wawo wonse mafuta amene ndinawaona akudzola ndi a Vaseline basi. Amayi aang'ono amati ankafuna kuti anthu awakumbukire amayi awo ali okongola. Ndimawamvetsa, nawonso ankalira. Koma mawu amenewo akutanthauza kuti mmene analiri sanali okongola, ndipo ine zimenezo sindivomera.

Chachinayi: ndani akupulintabe zithunzi masiku ano, zonse si zili pa foni? Funsani aliyense amene foni yake inabedwa mu minibasi, kapena inagwera m'madzi ku nyanja, kapena inangozima osadzukanso. Zithunzi za ubwana wanga zimene zilipo ndi zisanu ndi chimodzi, zonse za pa pepala, zojambulidwa ndi bambo wina amene ankayenda pa njinga ndi kamera pakhosi, n'kubwera nazo patatha masabata awiri. Zimene anandijambula pa mafoni a achibale zinapita ndi mafoniwo. Pepala ndi limene limatsala m'chikwama cha pansi pa bedi. Ndiye limene lidzauze ana athu kuti tinkaoneka bwanji. Ife amene timaphunzira mbiri timadandaula tsiku ndi tsiku kuti zithunzi zakale za dziko lino anajambula ndi atsamunda ndi amishoni, mwa maso awo, pa zifukwa zawo. Lero kamera ili m'manja mwathu, pulinta ili pa Dwangwa, ndipo tikusiyira odzafufuza a m'tsogolo umboni wonama umene tapanga tokha. Wodzatsegula maalubamu athu zaka 50 zikubwerazi adzaganiza kuti m'Nkhotakota munkakhala anthu ofiirira opanda makwinya.

Ulendo wachitatu ndinapita nditawerenga, ndipo ndinapita mwaulemu, chifukwa kukalipa kunali kutandikanika kale. Ndinatenga chithunzi chenicheni cha mu foni n'kuchitumiza ngati document, kuti chisafinyidwe. Ndinapempha mnyamatayo kuti achepetse kuwala kwa sikirini yake mpaka pepala loyera loikidwa pambali lifanane ndi kuyera kwa pa sikirinipo. Tinayang'ana pa kompyuta n'kupeza kuti mtundu wa pepala unali pa pepala wamba, tinasintha kuika pa pepala la zithunzi. Kenako ndinamupempha chinthu chimodzi: awalitse mthunzi wa pa nkhope pokha, asakhudze mtundu, asasalaze kanthu. Kuwalitsa ndi kuyeretsa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kuwalitsa kuli ngati kusendeza nyali pafupi ndi munthu kuti umuone bwino. Kuyeretsa ndi kumupaka ufa.

Tinaika nkhopeyo kanayi pa pepala limodzi laling'ono, kalikonse kowala mosiyana pang'ono ndi kanzake, ndipo ndinalipira pepala loyeseralo. Tinatuluka nalo panja, pa mthunzi wa khonde, inki itauma. Kachitatu kanali agogo. Mnyamatayo anakayang'ana, anayang'ananso pa foni yanga, n'kunena kuti, "Koma zoona, mphinizi zikuoneka bwino." Sindinganame kuti chinafanana ndendende ndi sikirini. Kubiriwira kwa nzimbe kunazilala, ndipo bulauzi inataya mapindo ake ena. Pepala silidzafanana ndi nyali mpaka kalekale, ndipo amene angakulonjezeni zimenezo akukunamizani. Koma ndinazindikira kuti chimene ndinkafuna pa maulendo onse atatu sichinali kufanana ndi foni, pakuti foniyo inali itandinamiza kale. Ndinkafuna pepala lofanana ndi munthu amene ndinkamudziwa.

Ndiye pempho langa lili pawiri. Kwa inu anzanga amene mukuyembekezera giraduweshoni, chinkhoswe, kapena amene banja lidzakutumeni ngati mmene linanditumira ine: zimitsani fyuluta yokongoletsa musanajambule, chifukwa mafoni ena amabwera itayatsidwa kale. Mukamajambula munthu wakuda wovala zoyera, dinani pa nkhope yake kuti kamera iyezere kuwala pamenepo, ndipo muimikeni pa mthunzi woyang'ana kumene kukuchokera kuwala. Chithunzi chopita kokapulinta chiyende ngati document kapena pa flash. Musanapulintitse chachikulu lipirani kakang'ono koyesera, mukaonere panja. Ndipo nenani ndi pakamwa panu kuti musandiyeretse. Mudzaona mmene akudabwira, ndipo kudabwa kumeneko kudzakuuzani kukula kwa vutoli.

Kwa eni masitudiyo: pangani khadi lanulanu. Jambulani anthu atatu kapena anayi a m'dera lanu lomwelo, wakuda bii, woderako, wofiirira, mmodzi atavala zoyera, pa kuwala kwabwino kwa panja. Pulintani mpaka aliyense wa iwo atavomera kuti ameneyu ndi ine. Chimatireni pakhoma, fayilo yake muisunge. Tsiku lililonse limene mwathira inki yatsopano kapena mwasintha pepala, pulintaninso kachithunzi komweko n'kufananiza. Sizifuna madola. Zimene Kodak inkachita ndi Shirley inunso mukhoza kuchita ndi mayi wogulitsa mandasi pakhomo panupo, ndipo makina anu adzakhala oyezedwa pa anthu amene amakupatsani ndalama. Musanakhudze khungu la munthu, mufunseni.

Chithunzi chachitatu chija chachikulu chake chili m'felemu kwa amayi anga, pamwamba pa kabati. Koma mapulogalamu aja anagawidwa kale. Ali m'mabaibulo ndi m'zikwama za anthu, ena anakafika ku Kasungu, ena ku Johannesburg. Holide yapitayi mwana wa achimwene anga, wa zaka zinayi, amene sanawadziwe bwino agogo, anatenga pulogalamu imodzi n'kuyang'ana pa felemu, n'kundifunsa kuti agogo enieni ndi ati pa awiriwa. Ndinamuonetsa a mphini. Iyeyo anali ndi womufunsa. Ana ena onse amene adzapeze pepala lija m'chikwama cha amayi awo adzakhulupirira zimene likuwauza.